Zokuzira Mawu Pamsonkhano wa Osamva

Patchuthi ndinaperekeza mlongo wanga kumsonkhano wa anthu osamva kufupi ndi Chitedze. Chinatilandira pakhomo nchiyani? Zokuzira mawu! Mlendo wolemekezeka anayankhula ola lathunthu m'Chingerezi, womasulira m'chinenero chamanja ali mmodzi yekha, atamubisa kuseri kwa maluŵa. Manja atalema anakhala pansi, bwanayo osasiya. Ife akumva tinaomba m'manja. Mlongo wanga anandikodola: akuti chiyani? Ndinangoti kakasi, ine wa payunivesite, wodziŵa zizindikiro zitatu za pakhomo: nsima, madzi, bwera.

Mu 1880 ku Milan, aphunzitsi akumva anagamula kuti ana osamva aziphunzira ndi milomo, osati manja. Timawanena azungu aja, koma tasiyana nawo pati? Buku lotanthauzira chinenero chamanja cha Malaŵi linatuluka mu 2021. Inu aphunzitsi athu, amene mumatiloŵezetsa Saussure ndi Chomsky, ndani analitsegulapo? Mwana wa ku Kabudula achite kukafika ku Mua kuti apeze wocheza naye?

Ine ndayamba kuphunzira. Mphunzitsi wanga ndi mlongo wanga yemweyo, ndipo akuti mutu wanga ngouma.