Ajenti Wopempha Ndalama Ni Kawalala Wovala Suti

Mwatsiriza buku lanu la malangizo a umoyo, manje mufuna ajenti wa ku London kapena New York akaligulitse kwa osindikiza. Cabwino. Koma lekani kutumiza imelo imodzimodzi kwa aliyense amene mwapeza pa Google. Ajenti wa manovelo a cikondi sadzawerenga olo mzere woyamba wa buku lophunzitsa kusunga ndalama.

Coipa kwambiri ni kulipira. Ajenti weniweni amadya inu mukadya: kawirikawiri amatenga 15 peresenti ya ndalama zimene bukulo labweretsa, ndipo sapempha olo ngwee imodzi buku lisanagulidwe. Bungwe la maajenti la AALA ku America limaletsa mamembala ake kulipiritsa anthu kuti awerenge mabuku ao. Wina akati “yambani mwatumiza madola”, thawani.

Nanga musankha bwanji? Tengani mabuku ofanana ndi lanu, olo aja ogulitsidwa m’mbali mwa Cairo Road. Patsamba loyamikira, olemba ambiri amachula ajenti wao. Lembani mainawo, werengani zimene aliyense afuna, ndipo tumizani kwa ocepa cabe.

Konzekeraninso funso lowawa: ndani akumverani kale? Mabuku amtunduwu amagulidwa cifukwa ca gulu lotsatira wolemba. Ngati mulibe gulu, yambani pa wailesi, ku chalichi, pa Facebook. Robert Kiyosaki anadzisindikizira yekha Rich Dad Poor Dad mu 1997, osindikiza akuluakulu anabwera pambuyo. Yambani ndi owerenga a mu komboni mwanu.