Mpando watsala umodzi, tiupereke kwa ndani?

M'gulu lathu muli mkangano, ndipo ndaganiza zoubweretsa pano chifukwa ndikukhulupirira kuti si wathu wokha. Aliyense amene ali mu banki mkhonde, m'kwaya, m'timu ya mpira ya madoda kapena m'kalabu ya bawo yomwe yakhalitsa auzindikira msanga. Mmodzi wa ife wachoka. Wapeza ntchito yosamalira okalamba ku England, mashifiti ake ndi ausiku, ndiye Lachisanu madzulo sakupezekanso. Tidali anthu asanu ndi mmodzi, tatsala asanu. Mpando wakewo tiupereke kwa munthu wotani?

Ndiyambe ndafotokoza chomwe timachita, poti ambiri akamva amayamba ayang'anana. Timasewera Dungeons & Dragons, masewero omwe anthu awiri a ku America, Gary Gygax ndi Dave Arneson, adatulutsa m'chaka cha 1974. Mulibe mpira, mulibe makadi, mulibe ndalama. Munthu mmodzi amakhala mwini nthano, yemwe eni masewerowa amamutcha Dungeon Master. Iye amafotokoza mmene zinthu zilili: mwafika pamtsinje, mlatho wakokoloka, tsidya linalo kukufuka utsi. Enafe aliyense ali ndi munthu wake wopeka, wina mlenje, wina sing'anga, wina mbava yoti idalapa koma manja akuyabwabe, ndipo timanena chomwe munthu wathuyo achite. Ukati “ine ndiwoloka posambira”, umaponya dayisi ya mbali 20. Ikagwa bwino waoloka. Ikagwa moipa madzi akutenga, anzako aone chochita. Nthanoyo siitha tsiku limodzi, sabata yamawa imayambira pomwe idalekezera. Mumzinda wa London wa ku Canada muli mphunzitsi wa mbiri yakale wa payunivesite, Robert Wardhaugh, yemwe nthano yake idayamba mu 1982 ndipo anthu akhala akulowamo ndi kutulukamo kwa zaka zoposa 40.

Amene mudakulira kwa agogo mwaona kale kuti zachilendo mulibe kwenikweni. Agogo akati “padangokhala”, ife tinkati “tili tonse”. Kusiyana kwake n'kwakuti pano omvera sathera pa “tili tonse” basi. Amalowa m'nthanomo n'kumatsutsa zomwe agogo akufuna kuti Kalulu achite.

Yathuyi idayamba mu 2020, sukulu zitatsekedwa ndipo misonkhano ikuluikulu italetsedwa kaamba ka Covid-19. Ambiri mwa ife tinkagwira ntchito m'maofesi a ku City Centre kuno ku Lilongwe. Tinkalankhulana pa Discord, mapu ndi madayisi pa Roll20. Mliri udapita, ife sitidasiye. Wina adasamukira ku Johannesburg koma akusewerabe, mwayi wake nthawi ya kumeneko ndi ya kuno n'chimodzimodzi.

Tsono anzanga atatu akuti tilembe chilengezo chonena zinthu zitatu: wofuna kulowa akhale wodziwa kale malamulo a masewerowa, Chingerezi chikhale chothamanga, ndipo kunyumba kwake kukhale Wi-Fi komanso magetsi a sola kapena inveta. Sindiwanyoza ayi, zifukwa zawo n'zomveka. Tonse tikukumbukira 2022, namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130 pa magetsi a dziko lino. Miyezi imeneyo Lachisanu lambiri lidapita pachabe. Mwini nthano wakonzekera sabata yonse, nkhondo yafika pachimake, kenako mlenje wangoti zii, batire yatha. Maola atatu pasabata ndi ochepa kwa anthu a ana ndi ntchito. Palibe amafuna kuwathera pofotokozera mlendo kuti dayisi iyi ndi ya chiyani.

Koma tawerenganinso chilengezocho pang'onopang'ono, mudzifunse kuti angachiyankhe ndani. Chilengezo chimenecho chikufunsa komwe munthu amagona. Wi-Fi, inveta ndi Chingerezi cha kusukulu za fizi ya madola, zitatuzi zimakumana ku Area 10, Area 12, Area 43, Area 9 ndi mbali zina za Area 47. Mzinda uno, womwe udakhala likulu mu 1975, adaumanga mogawa anthu: mabwana pafupi ndi Capital Hill m'mipanda ya mitengo, owatumikira kutali. Ikangokwana 5 koloko madzulo City Centre imakhuthuka, maminibasi adzadza ulendo wa ku Area 25, Kawale, Biwi, Area 23, Chinsapo. Pakati pa Area 47 ndi Mtandire ndi poyenda wapansi, koma ndi maiko awiri. Ubwino umodzi wa masewero a pa intaneti ndi woti alibe geti, alibe mlonda wofunsa kuti mukufuna ndani. Nanga ife tikumangiranji mpanda pomwe padalibe?

Palinso china chomwe anzangawo sakuchiwerengera. Munthu wokwanitsa zitatu zonsezo nthawi zambiri amakhala wa ulendo. Kaya ndi wa kontirakiti ya zaka ziwiri kubungwe kapena ku ofesi ya kazembe, kaya ndi mwana wa kuno yemwe akungodikira viza. Si onse, inde. Koma ife tikulira chifukwa wina wachoka, ndiye tikusakanso munthu wonyamula kale chikwama?

Kwa zaka zomwe ndasewerazi ndaona magulu ena awiri akuyamba n'kutha. Palibe lomwe lidatha chifukwa chosadziwa malamulo. Onse adafa ndi matenda amodzi: “pepani guys, lero sinditha.” Sabata ino uyu ali ku bridal shower, yamawa uyo ali kunyanja, inayo wina wangozimitsa foni osanena kanthu. Nthano ikadumpha masabata atatu anthu amaiwala kuti adalekezera pati, ndipo chachinayi palibenso amafunsa. Malamulo munthu amawagwira madzulo awiri kapena atatu. Kampani ya Wizards of the Coast, yomwe ndi mwini masewerowa, idaika malamulo oyambira pa intaneti mwaulere mu 2014, ndiye palibe chifukwa choti wina agule mabuku a madola, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chomwe sungamuphunzitse munthu wamkulu ndi kusunga tsiku. Chinanso ndi kumvetsera mnzake akamalankhula, osamudula. Chachitatu ndi kuseka dayisi ikamugwera moipa, osakwiya ngati waluza ndalama ya lendi. Zimenezi sizikhala ku Area inayake.

Pitani ku Old Town, cha kumsika kapena kudepoti, mukaime pomwe madoda akusewera bawo pansi pa mtengo. Palibe amafunsidwa satifiketi. Mnyamata amaima kumbuyo masiku angapo akuonerera, tsiku lina wina wadzuka kukagulitsa, iye amvekere “takhala apa”. Amadyedwa nkhomo zonse, anthu amuseka, mawa wabweranso. Kubweranso mawako ndiye mayeso ake. Bawo wakhala mibadwomibadwo chifukwa cha khomo lotere.

Za magetsi ndi data, tisanamizane kuti zilibe yankho. Kamera tidazimitsa kalekale, timagwiritsa ntchito mawu okha, ndipo mawu okha sadya bandulo ngati kanema. Foni yotchajidwa bwino ndi power bank zimakwanitsa maola atatu. Mapu akakanika kutseguka, mwini nthano amafotokoza pakamwa, monga agogo ankachitira opanda mapu. Ndipo ife tomwe timasonkha za maliro, za ukwati, za send-off ya mwana wa abwana yemwe sitikumudziwa n'komwe, tingalephere kusonkherana bandulo ya Lachisanu kwa mnzathu mmodzi? Kungoti zimenezi zichitike mwaulemu. Ikhale thumba la gulu lomwe aliyense amaponyamo ndipo aliyense angatapemo, osati chithandizo cha “uja wa ku Kawale”. Munthu wosewera ndi ngongole ya ulemu pamutu salimba mtima kutsutsa mwini nthano.

Nkhani ya Chingerezi ndiye imandiseketsa. Mabuku ndi a Chingerezi, zoona, ndipo maina a zida ndi mphamvu timawatchula momwemo. Koma madzulo onse omwe timawakumbukira mpaka lero adali a Chichewa. Mfumu ya m'nthano yathu ikamaweruza mlandu imalankhula ngati mfumu ya pabwalo, miyambi ili mbwee, nduna zikuwomba m'manja. Wogulitsa mahatchi amanenerera ngati venda wa kaunjika. Zimenezo buku lochokera ku America silingakupatseni. Munthu amene adakula akumva nthano, amene adachitako sewero kutchalitchi kapena kusekondale, amene amatha kusintha mawu n'kukhala gogo wamakani, ameneyo atibweretsera zomwe tilibe. Wodziwa malamulo wachisanu ndi chimodzi angotiwonjezera mikangano ya pa tsamba chakutichakuti. Paja amati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Akakhala wofanana nafe m'zonse, kalumoko kachokera kuti?

Pali chinthu chimodzi chomwe ndikugwirizana nawo anzangawo: tisaponye chilengezo pa Facebook kuti aliyense adumphiremo. Pa intaneti pali akamberembere, ndipo m'gulu lathu wamkazi ndi mmodzi yekha, yemwe adanena mosabisa kuti sakufuna munthu wobwera kudzamufunsira ku inbox. Tifufuze kudzera mwa anthu omwe timawadziwa, koma titambasule maso. Mtsikana wa pa risepishoni amene nthawi ya nkhomaliro amakhala ndi buku m'manja. Mesenjala amene akayamba kufotokoza za ulendo wa kumudzi ofesi yonse imasiya ntchito. Achinyamata amene amadzadza National Library ku City Centre. Anthuwa timawapatsa moni tsiku lililonse, koma sitidaganizeko zowaitana.

Powaitanapo tinene zoona zonse, chifukwa masewerowa ali ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1980 makolo ndi mipingo ina ku America idawanena kuti ndi a satana. Kuno nkhani yotere si yoseweretsa. Tikukumbukira 2017, mphekesera za anamapopa zitaphetsa anthu ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo. Tangoganizani mayi a nyumba akumva mwana wawo kuchipinda usiku akuti “ine ndimuponyera moto”, kenako dayisi gubudu patebulo. Wina ati ufiti, wina ati juga. Woitanidwayo auzidwe poyambirira kuti m'nthanomu muli amatsenga ndi zilombo monga momwe zilili m'nthano za agogo, kuti palibe kubetcha ngakhale tambala, ndipo ngati chikumbumtima chake kapena mpingo wake sukumulola, palibe womukakamiza. Abwere amvetsere kaye Lachisanu limodzi. Akafuna, amvetsere limodzi ndi akunyumba kwake.

Mbali yovuta kwambiri ili kwa ife eni mudzi, ndipo anzanga sakuikamba n'komwe. Tonse tikufunsa ngati mlendoyo atikwanire. Palibe akufunsa ngati ifeyo timukwanire. Gulu la zaka zambiri lili ndi nthabwala zake zomwe wakunja sangazimve. Wina angoti “mbuzi ya pamlatho”, tonse tagwa ndi phwete, mlendo ali duu. Ali ngati mkamwini woyamba kumene, amene aliyense amamupatsa moni waulemu koma nkhani zenizeni zimakambidwa iye atapita kudimba. Munthu wotere amakhala chete masabata awiri, lachitatu amvekere netiweki yavuta, osabweranso. Kenako ife n'kumati mwaona, anthu amenewa sakhalitsa.

Choncho ntchito tiyambe ndife. Mbiri ya nthano yathu ilembedwe pa tsamba limodzi, osati makumi awiri. Mwini nthano akonze kuti madzulo oyambawo gulu lisathe kupita patsogolo popanda munthu wa mlendoyo: iye ndiye akhale wodziwa njira ya m'phiri, kapena womva chilankhulo cha anthu a tsidya lija. Mwezi woyamba ukhale woyesana mbali zonse, iye kutiyesa ife, ife kumuyesa iye, ndipo pakutha pake tifunsane maso ndi maso, osangomuchotsa mu gulupu ya WhatsApp mwakachetechete monga timachitira Amalawi tikamaopa kunena mawu owawa.

Mfundo yomaliza ya anzangawo ndiyo ndikuikana kwamtuwagalu. Akuti pofuna kusataya nthawi, wobwerayo angotenga munthu wopeka wa mnzathu wachoka uja, sing'anga yemwe wayenda nafe kuyambira 2020, ali ndi zida zake, adani ake ndi ngongole zake. Aaa, chimenecho ndi chokolo. Chilichonse chomwe angachite tizimuyerekeza ndi mwini wake: uja sakadatero, uja ankalankhula mwakuti. Mlendo apange munthu wakewake, amutche dzina yekha, asankhe komwe akuchokera ndi chomwe akuthawa. Sing'anga uja timusiye m'nthanomo ali moyo, atsegule kachipatala kake m'mudzi wa m'mbali mwa nyanja. Mwini wake akadzapeza Lachisanu la ofu ku England, adzamupeza pomwepo.