Mwera Ukadzuka, Mutu wa Boti Uloze Kuti?

Mwezi wa Meyi ukangolowa, aliyense wokhala m'mbali mwa nyanja ya Malawi amadziwa mlendo amene ali m'njira. Mwera umawomba kuchokera kummwera chakum'mawa, ndipo umakhala nafe mpaka Ogasiti, zaka zina kulowa mu Seputembala. Imeneyi ndiyo miyezi imene pa madooko athu pamamveka maliro a anthu osadwala, anyamata amene dzulo lomweli amasoka ukonde akuseka. Ana anga, inu amene mumachezera pamadzi kusaka usipa ndi utaka, tandibwerekani makutu. Mawu a akulu akoma akagonera, koma awa ndikufuna akukomereni lero, mudakali amoyo.

Nyanja yathuyi ndi yaitali pafupifupi makilomita 580, pamene m'lifupi, ngakhale pamalo potambalala kwambiri, sipitirira makilomita 80. Mwera umawomba motsata utali umenewu. Funde lobadwira ku Mangochi limayamba laling'ono, koma mphepo imalikankha mtunda wonsewo popanda phiri kapena mtengo woitchinga, ndipo likamafika ku Nkhotakota, ku Likoma ndi ku Nkhata Bay limakhala litakula msinkhu. Choopsa chenicheni si kutalika kwake kokha. Mafunde a m'nyanja muno amabwera mothithikana: boti lisanamalize kutsika pa funde loyamba, lachiwiri lafika kale pamphuno.

Makolo athu anazidziwa zimenezi, ndipo nzeru zawo anazisema m'bwato. Tapenyetsetsani bwato la kale la mbawa kapena chonya. Pakamwa pake ndi popapatiza, milomo yake inapindikira m'kati, mimba ndi yotakata, pansi polemera. Funde likamenya m'mbali, madzi ambiri amatsetsereka n'kubwerera m'nyanja osalowa. Wopalasa amamva kugwedezeka kulikonse m'chiuno mwake, nkhafi n'kuyankha maso asanaone. Lero mitengo ikuluikulu ija inatha, ambiri akusema mango ndi mitengo ina yosachedwa kuwola, ndipo chilimira chafuna maboti a matabwa okhala ndi injini. Boti la matabwa limanyamula zambiri ndipo limafika kutali, koma pamwamba pake ndi poyasama. Injini yatipatsa liwiro, n'kutilanda kudekha.

Ndiye mphepo yakupezani pakati pa nyanja, mutani? Choyamba ndi mutu wa boti. Boti linapangidwa kuti likumane ndi funde ndi mutu, chifukwa kutsogolo n'kosongoka ndiponso n'kokwera. Nthiti zake sizinapangidwire nkhondo imeneyo. Funde likalipeza cham'mbali limalipendeketsa, anthu ndi katundu n'kukhuthukira mbali imodzi, funde lotsatira n'kumaliza ntchito. Komanso musalunjike funde ndendende pa liwiro, chifukwa boti limakwera n'kudzagwa ndi chifuwa, matabwa n'kumasuka pa misomali. Woyendetsa waluso amalipatsa funde phewa: amapotoza mutu pang'ono, amachepetsa moto pokwera, akafika pamwamba amalola boti kutsetsereka, kenako n'kukonzekera lina. Ngati dooko lanu lili cham'mbali mwa mphepo, musalilunjike. Yendani mokhotakhota, ndipo potembenuka dikirani mpata, pakuti mafunde akuluakulu amabwera m'magulu, pakati pawo pamakhala kabata pang'ono. Ulendo wa ola limodzi udzatenga maola atatu. Palibe kanthu. Kuthamanga si kufika.

Ambiri amayesa kuti mphepo ikakhala kumbuyo ndiye zinthu zayenda. Ayi ndithu, pamenepo m'pamene pamafera odziwa. Funde lochokera kumbuyo limanyamula matako a boti, injini n'kupalasa m'mwamba, mutu n'kuzika m'funde lakutsogolo, boti n'kupotoloka mwadzidzidzi kugona chopingasa. Musapikisane ndi funde. Khalani pamsana pa limene lili kutsogolo kwanu, osalidumpha, diso lina likuyang'ana kumbuyo. Pokocheza pa gombe m'chimodzimodzi: madzi akayamba kuchepa kuya, mafunde amaimirira n'kusweka, ndipo maboti ambiri agubuduzika anthu akuona kale nyumba zawo. Ngati pagombe pakuwira thovu, kabisaleni kuseri kwa chilumba kapena kwa phiri lolowa m'nyanja. Mbenji, Namalenje, Domwe, Boadzulu, Chizumulu, zilumba zimenezi zasunga miyoyo ya asodzi osawerengeka amene analolera kugona ndi njala pamiyala. Linda madzi apite, ndipo uziti ndadala.

Mdani wina amakhala m'boti momwemo. Madzi olowa pang'onopang'ono amaoneka ngati nkhani yaing'ono, koma boti likapendekeka onse amathamangira mbali yotsikayo n'kuwonjezera kulemera komwe sikukufunika. Kukapa madzi si ntchito yosiyira kamnyamata kotopa. Nyanja ikavuta, munthu mmodzi kapena awiri asachite china chilichonse koma chimenecho, ndipo chigubu chokapira chimangiriridwe ndi chingwe kuti chisapite ndi funde. Ena onse akhale pansi, pakati pa boti. Woimirira ndi mantha kapena wothamangira mbali imodzi wapha anzake.

Injini ikazima, ndipo imakonda kuzima nthawi yoipa, boti limatembenuka lokha n'kupereka nthiti ku mafunde. Musataye nthawi yonse mukukoka chingwe cha injini. Kumene kuli kwakuya nangula safika pansi, pakuti kumpoto nyanjayi imazama mpaka mamita 700. Mangani ndowa, kapena mtolo wa ukonde, ku chingwe chachitali, muponye m'madzi kuchokera kumutu kwa boti. Chimakoka m'madzi n'kusunga mutu ukuyang'ana kumphepo pamene wina akukonza injini. Nkhafi nazonso zisatsale kumtunda. Ndimadabwa kuona anyamata akukankha boti kulowa m'nyanja opanda nkhafi ngakhale imodzi, ati n'zachikale.

Tsono pali nkhani ya katundu, imene imandiwawa kuposa zonse, chifukwa apa nyanja siilakwa. Usiku wagwa bwino, siginala waitana nsomba ndi nyali zake, chilimira chatuluka chodzaza. Boti lazama mpaka madzi atsala pang'ono kufika pamilomo, ukonde wonyowa waunjikidwa pamwamba, anthu khumi akhala pamwamba pa ukondewo. Wina akuti tiponyenso kamodzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Boti lolemera silikwera funde, limaliboola, ndipo katundu wokwera m'mwamba amalipepula pansi. Ngati zafika poipa, tayani nsomba. Ndikudziwa kuti mawu amenewa ndi owawa kwa munthu amene wakoka ukonde usiku wonse ndipo kunyumba kulibe ufa. Koma usipa udzabadwanso chaka chamawa.

Musaganize kuti zimenezi zimagwera mabwato ang'onoang'ono okha. Pa 30 Julayi 1946, m'nyengo yomweyi ya mwera, sitima ya Vipya, yachitsulo, yatsopano, inagubuduzika pafupi ndi Chitimba ndipo anthu pafupifupi 145 anathera m'madzi. Inali yolemera kumwamba, ndipo mafunde anaipeza itapereka mbali. Ilala, imene inayamba ntchito mu 1951, yakhalitsa zaka zonsezi, komabe nayo nyanja ikakwiya imachedwa padooko kudikira. Mu Epulo 2017 ku Mlowe, m'boma la Rumphi, boti lodzaza mopitirira muyeso ndi anthu ochokera ku mapemphero a Pasaka linakumana ndi mphepo n'kugubuduzika, mabanja n'kulira. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Boti likagubuduzika, musalisiye. La mtengo kawirikawiri limayandamabe, ndipo okusakani amaona boti msanga kusiyana ndi mutu wa munthu pakati pa mafunde. Gombe limaoneka pafupi pamene lili kutali, ndipo odziwa kusambira ndiwo amanyengeka kulilondola. Gwirani boti, gwiranani, werenganani. Chigubu chopanda kanthu chotseka bwino chimamusunga munthu pamwamba pa madzi, koma chisalowe m'malo mwa jekete loyandamitsa. Ndamva anyamata akuseka mnzawo wovala jekete kuti ndi wamantha. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje.

Nyanja simenya osachenjeza. Mafunde aatali oyenda mwaulesi pamene mphepo kulibe amanena kuti kwina kwawomba kale, ndipo ikubwera. Mzere wakuda pamadzi chakummwera, thovu loyera lowonekera patali, kuzizira kodzidzimutsa, zonsezi ndi amithenga. Nyengo ya dzinja mpoto umabwera ndi mtambo wakuda ndi ziphaliwali, ndipo supereka nthawi yaitali. Masiku ano a nthambi yoona zanyengo amalengeza pa wailesi ndi pa foni kuti mwera uwomba masiku akutiakuti. Nthawi zina zimene anena sizichitika pa dooko lanu, inde, koma kutaya usiku umodzi pachabe sikufanana ndi kutaya anthu khumi. Funsaninso nkhalamba za pa dooko zimene zinasiya kupalasa. Safunsa anadya phula.

Mawu anga otsala apite kwa inu eni maboti ndi maukonde, amene mumagona m'nyumba pamene ana a eni ali pamadzi. Alovi ambiri amalowa m'nyanja yoipa osati chifukwa sakuona, koma chifukwa akuopa inu. Munagula mafuta pa ngongole, mukufuna abwerere, ndipo woyendetsa akati lero nyanja siili bwino mumamuuza kuti pali ena ofuna ntchito. Akataya nsomba kuti apulumutse anzake, mumamudula malipiro. Mukatero, dzanja limene lagubuduza botilo ndi lanu. Ku Mbenji, mfumu Makanjira ya ku Salima ndi anthu ake akhala akusunga malamulo awo kuyambira zaka za m'ma 1950: nyengo yotseka usodzi imalemekezedwa, ndipo mowa ndi chamba siziloledwa pachilumbapo. Ngati mudzi unatha kugwirizana pa zimenezo, makomiti a m'madooko angalephere bwanji kugwirizana kuti chenjezo la mwera likamveka boti lisatuluke, ndiponso kuti woyendetsa wokana kulowa m'nyanja yoipa asachotsedwe ntchito? Siginala amene amakhala yekha m'kabwato kakang'ono usiku wonse ndiye akhale woyamba kupatsidwa jekete. Matani ming'alu ndi phula mwera usanafike, onjezani mafuta obwererera, ikani foni m'pulasitiki yomanga bwino, ndipo boti lililonse lisanachoke linene kwa otsala kumene likupita ndi anthu amene lanyamula, kuti likachedwa anzawo adziwe koyambira kusaka.