Ng'oma Ikang'ambika Sataya Thunthu: Za Kukonza Subwoofer ya m'Galimoto

Pali chizolowezi china chimene chalowa pakati pa eni magalimoto masiku ano, ndipo nchoyenera kuchidzudzula chisanazike mizu. Chinthu chikangoyamba kuvuta m'galimoto, maganizo amene amafika msanga ndi akuti chichotsedwe, chitayidwe kudzala, pagulidwe china chatsopano. Palibe chipangizo chimene chimaweruzidwa mofulumira motere kuposa sipika yaikulu ya mau a besi, imene amisiri amaitcha subwoofer, yomwe opanga galimoto amaikiratu ku fakitale. Sipika imeneyi ikayamba kulira ngati debe lobooka, mwini wake amathamangira kusitolo, osadziwa kuti kawirikawiri chimene chaonongeka ndi kanthu kakang'ono ndi kotsika mtengo, koti munthu wodekha angathe kukakonza yekha pakhonde pa nyumba yake.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, nkofunika kuyamba ndi kapangidwe ka sipikayo. Khutu la munthu wathanzi limamva mau amene amanjenjemera kuyambira ka 20 kufikira ka 20,000 pa sekondi imodzi. Ntchito ya subwoofer ndi kutulutsa mau a pansi okhaokha, osapitirira ka 200 pa sekondi, mau onga a ng'oma yaikulu amene amamveka ndi m'chifuwa momwe. Kumbuyo kwa sipikayo kuli maginito olemera. Pakati pa maginitowo pali kampata kopapatiza, ndipo m'kampatamo mumalowa koyilo, ndiye kuti waya wopyapyala wamkuwa wokulungidwa pa kachubu. Koyiloyo inamatidwa ku chipepala cholimba chooneka ngati mbale yakuya. Magetsi ochokera ku ampulifaya akamadutsa m'koyilo, maginito amaikankha ndi kuikoka, chipepala chija chimapita kutsogolo ndi kubwerera, ndipo mpweya umene chikukankhawo ndiwo umafika m'makutu ngati nyimbo. Kapangidwe kameneka nkakale ndithu: Chester Rice ndi Edward Kellogg a kampani ya General Electric ku America anakalongosola m'chaka cha 1925, ndipo kufikira lero sipika zochuluka zimatsata njira yomweyo.

M'mphepete mwa chipepalacho muli mkombero wofewa umene umachilumikiza ku chitsulo cha sipika. Pa sipika zambiri za ku fakitale mkombero umenewu ndi wa siponji, chifukwa siponji njopepuka ndi yopindika mosavuta. Tsoka lake nlakuti siponji sigwirizana ndi kutentha, chinyezi ndi dzuwa. Zaka zikapita, imauma, imasweka, kenaka imayoyoka ngati thabwa lodyedwa ndi chiswe. Magalimoto ambiri amene amalowa m'Malawi ndi ogwiritsidwa kale ntchito ku Japan, ndipo amafika kudzera pa madoko monga Dar es Salaam ndi Durban ali ndi zaka zingapo kale. Galimoto yotere ikamakhala padzuwa la mwezi wa Okutobala ku Chikwawa kapena ku Salima, mawindo ali otseka, mkombero wokalamba uja suchedwa kutha. Ngakhale magalimoto apamwamba monga Lexus, amene ena amabwera ndi zokuzira mau za Mark Levinson, kapena Toyota za JBL, sapulumuka, pakuti siponji siyang'ana mtengo wa galimoto.

Mmisiri wa ng'oma kumudzi, chikopa chikang'ambika, sataya thunthu limene analisema masiku ambiri. Amafuna chikopa china nkukunganso. Chimodzimodzinso pa subwoofer: maginito, koyilo ndi chitsulo ndizo thunthu, ndipo zimenezi nthawi zambiri zimakhala zidakali bwinobwino pamene mkombero watha.

Koma akuluakulu anati safunsa anadya phula. Munthu asanamasule kanthu kalikonse ayambe wafufuza gwero la vutolo, chifukwa phokoso lina limachokera ku nambala ya galimoto yogwedera, ku zitsulo zosiyidwa m'buti, kapena ku thabwa lophimba sipika limene lamasuka. Ngati sipika yangokhala chete, ayang'ane fyuzi ndi mawaya opita ku ampulifaya. Akatsimikiza kuti vuto lili pa sipika, achotse waya wa negetivu pa batire, akumbukirenso kuti mawailesi ena amafuna nambala yachinsinsi kuti ayakenso batire ikabwezedwa. Subwoofer imapezeka pa shelefu ya kumbuyo kwa mipando, m'mbali mwa buti, pansi pa mpando, kapenanso m'kati mwa tayala lapadera. Asanazule mawaya awiri a sipika aike chizindikiro pa uliwonse, pakuti akadzawasinthanitsa pobwezeretsa, chipepala chidzayenda motsutsana ndi sipika zina ndipo besi idzafooka.

Sipika ikatuluka, pali mayeso atatu osavuta. Loyamba ndi kukankha chipepala pang'onopang'ono ndi zala zotambasula mofanana mbali zonse: chikamayenda mwakachetechete, koyilo ili bwino, chikamakhula, koyilo yapindika kapena yapsa. Lachiwiri ndi kugunditsa kabatire ka tochi ka mavoti 1.5 pa malo olumikizira mawaya: sipika yamoyo imadumpha pang'ono. Lachitatu ndi kuyeza ndi mita ya magetsi. Sipika yolembedwa ma ohm 4 imaonetsa nambala yotsikirapo pang'ono, cha pakati pa 3 ndi 4. Mita ikapanda kuonetsa kanthu, ndiye kuti waya waduka penapake, ndipo nthawi zina amene waduka ndi kawaya kolukana kochokera pa cholumikizira kupita ku chipepala, kamene kangathe kuwotchereredwa ndi mtovu.

Ngati vuto ndi mkombero, ntchito yake imafuna kudekha koposa mphamvu. Mkombero watsopano umagulitsidwa molingana ndi kukula kwa sipika, kaya mainchesi 8 kapena 10, kotero munthu ayeze bwino asanagule. Apale siponji yakale yonse ndi lezala, apukute zotsalira ndi kansalu ka sipiriti, osanyowetsa chipepala. Kenaka amate mbali ya m'kati ya mkombero ku chipepala ndi guluu wofewa, amene amapindika akauma. Guluu wouma gwa uja wa m'timachubu ting'onoting'ono amasweka msanga pa chinthu chimene chimagwedezeka. Mbali imeneyi ikagwira, amate mbali ya kunja ku chitsulo, uku akukankha chipepala mobwerezabwereza kuti amve ngati koyilo ili pakati penipeni pa kampata kake. Apa ndi pamene pagona luso lonse, chifukwa koyilo ikapendekeka pang'ono pokha idzakhula maginito ndipo ntchito yonse idzapita pachabe. Akamaliza aisiye tsiku lathunthu kuti iume. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Ena adzati: kuvutikiranji chonsecho pamene sipika zatsopano zadzaza m'masitolo? Funsoli nlomveka, koma yankho lake lili m'masamu. Kuyambira m'magalimoto a chaka cha 1983, pamene General Motors inagwirizana ndi kampani ya Bose kuika zokuzira mau zoyezedwa molingana ndi m'kati mwa galimoto monga Cadillac Seville, opanga magalimoto ambiri akhala akupanga sipika ndi ampulifaya ngati mpeni ndi chimake. Subwoofer zambiri za ku fakitale ndi za ma ohm 2, pamene zochuluka za m'sitolo ndi za ma ohm 4. Sipika ya ma ohm 4 ikaikidwa pamalo pa ya ma ohm 2 imalandira pafupifupi theka la mphamvu, ndipo mwini wake amadabwa kuti chatsopano chikulira motsika kuposa chakale. Ikaikidwa ya ma ohm ochepera pa amene ampulifaya inapangidwira, ampulifayo imatentha ndipo ingathe kupsa. Kuonjezera apo, sipika ya m'sitolo kawirikawiri sikwana pa bowo lakale, kotero munthu amayamba kudula zitsulo za galimoto. Woyamba ndi vuto limodzi amatsiriza ndi mavuto atatu.

Chifukwa china nchokhudza chuma ndi chilengedwe. Sipika yatsopano ndi katundu wochokera kunja, wogulidwa ndi ndalama zakunja zimene dziko limazifuna pogula mankhwala, mafuta ndi feteleza. Ndiponso chotayidwa sichisowa ayi, chimangosintha malo. Lipoti la mabungwe a United Nations lotuluka mu 2024 linaonetsa kuti m'chaka cha 2022 dziko lapansi linataya matani 62 miliyoni a zinyalala za zipangizo zamagetsi, ndipo zosakwana gawo limodzi mwa magawo anayi ndizo zinatoleredwa ndi kukonzedwanso moyenera. Kutaya maginito ndi mkuwa wabwinobwino chifukwa cha kasiponji ndi kusakaza.

Aphunzitsi ali ndi mwayi waukulu pa nkhani imeneyi. Ophunzira ambiri amaloweza lamulo la Ohm ndi za maginito pofuna kukhoza mayeso a Fomu 4, koma amatuluka sukulu asanagwirepo koyilo ndi manja awo. Sipika imodzi yakufa, yotoledwa ku galaja, ingathe kuphunzitsa za magetsi, za maginito ndi za kayendedwe ka mau m'phunziro limodzi lokha. Kwa wachinyamata amene wamaliza sukulu ndipo ntchito ya mu ofesi sikuoneka, luso lotere ndi khomo. Zida zake nzochepa: mita, sikurudiraiva, lezala, guluu ndi chowotcherera mtovu. Amene wayamba ndi sipika mawa adzakonza wailesi, ndipo akafuna kuzama angathe kupita ku makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Nasawa, Namitete, Lilongwe ndi Mzuzu, amene ali pansi pa ndondomeko ya bungwe la TEVETA lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 1999.

Komabe wodzikonzera yekha adziwe polekezera. Koyilo ikapsa, ntchito yake ndi ya mmisiri wozolowera, ndipo nthawi zina nzeru ndi kufuna sipika ina yofanana nayo kukula ndi ma ohm kwa ogulitsa zipangizo za magalimoto ophwasulidwa. Mawaya ndi zolumikizira za mtundu wachikasu asazikhudze, chifukwa m'magalimoto ambiri zimenezo ndi za matumba a mpweya oteteza anthu pa ngozi. Ndipo sipika ikachira, mwini wake asaiyese chida chogonthetsera mudzi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera phokoso la madesibelo 80, ndipo phokoso likakwera nthawiyo imachepa kwambiri. Woyendetsa galimoto ayeneranso kumva hutala ya mnzake ndi belu la njinga.

Mwini galimoto amene sipika yake yayamba kulira ngati debe asafulumire kuiweruza. Aitulutse, aiyang'ane, aiyeze. Akapeza kuti ndi mkombero, ndalama zimene akanagulira yatsopano zikhale za fizi ya mwana, ndipo mwanayo akhale pambali pake tsiku lomata, kuti aone ndi maso ake kuti chinthu choonongeka chimakonzeka.