ZA M'THENGO MWATHU: Nkhadze, Mwabvi ndi Mlambe

Mwezi uno ndinafuna kulemba za mbalame za m'dambo, koma china chandigwera pakhomo chimene chasintha maganizo anga.

Mdzukulu wanga wa zaka 9, wobadwira ndi kukulira mumzinda wa Lilongwe, anabwera kudzacheza kwathu kuno ku mapiri a Dedza sukulu zitatsekera. Tsiku lachitatu lokha, dzuwa litapendeka, ndinamva kulira koopsa kuseri kwa khola. Nditathamangirako ndinampeza alikugubuduka pansi, manja ali kumaso. Anali atathyola nthambi ya nkhadze kuti athamangitsire mbuzi. Utomoni unamgwera m'manja, ndipo thukuta litamlowa m'maso anadzipukuta ndi manja omwewo. Agogo ake aakazi anafika ndi ndowa, tinamtsira madzi m'diso kwa theka la ora iye alikuphupha, kenaka tinamkweza panjinga kunka naye kuchipatala. Masiku awiri diso linali lotupa ngati dzira, lachitatu linatseguka. Pamenepo anandifunsa kuti, “Agogo, bwanji simunandiuze kuti mtengo uja umaluma?” Ndinasowa choyankha. Mwana aliyense wa m'mudzi muno amaidziwa nkhadze asanadziwe kuwerenga, ndipo ine ndinaiwala kuti wa m'tauni alibe womuuza.

Makolo athu anabzala nkhadze dala m'mipanda, m'makola ndi kumanda, pakuti nthambi yake ukangoizika imagwira, ndipo chilala sichiipha. Koma utomoni wake woyera ngati mkakawo umawotcha khungu, ndipo ukalowa m'diso ungathe kumchititsa munthu khungu kwa masiku angapo, mwinanso kuliwononga diso kotheratu. Alipo amene amati mankhwala ake ndi mkaka wa m'mawere. Ine ndikuti nthawi imene muli kuyendayenda kufunafuna mayi woyamwitsa, utomoni uli kudya diso la mwana. Madzi oyera, ochuluka, nthawi yomweyo, ndiyeno kuchipatala.

Mumpanda momwemo mumakhalanso msatsimanga, umene kwawo kwenikweni ndi ku Central America. Njere zake zimakoma ngati mtedza, ndipo bvuto lake ndi lomwelo: mwana sazilabvula. Pakapita kanthawi amayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba kufikira madzi atha m'thupi. Nsatsi wamba nazonso n'chimodzimodzi. Mafuta ake agogo athu anali kudzola popanda chobvuta, koma njere yake ikatafunidwa imatulutsa ululu wotchedwa ricin, womwewo umene unapha Georgi Markov, mlembi wa ku Bulgaria, mumzinda wa London m'chaka cha 1978. Taonani, ululu umene anthu oipa anachita kuukonza mwaluso, ife tili nawo kudzala.

Koma mtengo umene unaliritsa midzi yathu koposa yonse ndi mwabvi. Achinyamata ambiri amalimva dzinali pa nkhalango ya zinyama ya Mwabvi ku Nsanje, osadziwa kuti ndi mtengo waukulu ndithu, wamthunzi wabwino, wokonda m'mbali mwa mitsinje. Akatswiri a zomera amautcha Erythrophleum suaveolens. Kale m'mudzi mukagwa maliro osadziwika bwino, anthu anali kuitana mapondera. Iyeyo anali kusinja makungwa a mwabvi, kuwasungunula m'madzi, ndi kumwetsa onse oganiziridwa ufiti. Wosanza ankayesedwa wosalakwa, ndipo abale ake ankaimba nthungululu. Wakufa ankatchedwa mfiti, ndipo ngakhale maliro oyenera sanali kuwaona. Nthawi zina ankamwetsa nkhuku kapena galu m'malo mwa munthu. Chimene chimatidabwitsa ife a lero n'chakuti anthu ambiri anali kuupempha okha mwabviwo, pokhulupirira ndi mtima wonse kuti sungaphe munthu wosachimwa.

Tsopano tikudziwa mmene umagwirira ntchito. M'makungwamo muli ululu wosokoneza kugunda kwa mtima. Munthu akasanza msanga, ululuwo umatuluka usanalowe m'magazi. Akachedwa, mtima umaima. Palibe nzeru ina iliyonse m'khungwa yozindikira mlandu wa munthu. Moyo ndi imfa zinali kutsata mphamvu ya m'mimba mwa wakumwayo, ndiponso dzanja la mapondera, amene anali kudziwa yekha muyeso umene wasungunula. Amishoni oyamba ku Blantyre, ku Livingstonia ndi ku Mvera analimbana nawo mwambowu kolimba, ndipo m'chaka cha 1911 boma linauletsa mwa lamulo. Mtondo wa mapondera unatha, inde. Koma tikamva za nkhalamba zomenyedwa ndi kuphedwa m'midzi masiku ano chifukwa choganiziridwa ufiti, tidziwe kuti mtima umene unali kuitanitsa mwabvi ukadali ndi moyo. Mtengowo sunapalamule kanthu. Udangodziimira kumtsinje.

Nkhani ya kombe ndi yosiyana, ndipo ndimaikonda. Kombe ndi chomera choyanga m'mitengo m'chigwa cha Shire. Alenje a Chimang'anja anali kusinja njere zake ndi kupaka pa mibvi. Nyama ikalasidwa sinali kufika kutali, ndipo iwo ankangodula mnofu wozungulira bala nautaya, yotsalayo nadya. John Kirk, dotolo wa ku Scotland amene anayenda ndi David Livingstone pa Zambezi ndi Shire kuyambira m'chaka cha 1858, anatenga kombe pang'ono nasunga m'thumba limene munalinso mswachi wake. Tsiku lina potsuka mano anamva kuwawa m'kamwa, ndipo anazindikira kuti mtima wake wayamba kugunda pang'onopang'ono. Pokhala dotolo sanaitaye nkhaniyo. Pambuyo pake Thomas Fraser wa ku Edinburgh anazifufuza njerezo, ndipo pofika m'chaka cha 1885 madotolo anayamba kuthandiza nazo odwala mtima. Kwa zaka zambiri dziko lino linali kugulitsa njere za kombe kunja. Kufikira lero m'mabuku a zomera a dziko lonse lapansi chomerachi chimatchedwa Strophanthus kombe: dzina lachiwirilo ndi lathulathu. Kirk nayenso sanaiwalike, popeza masuku amene tili kugula m'mbali mwa msewu ku Dedza ndi ku Ntcheu nyengo ino amatchedwa Uapaca kirkiana. Koma mlenje uja amene anayamba kuzindikira mphamvu ya njerezo, dzina lake palibe analilemba.

Chimene chinasiyanitsa mubvi wa mlenje ndi mankhwala a dotolo ndi muyeso basi. N'chifukwa chake ndimachita mantha ndikaona mayi akumwetsa khanda madzi a mizu ya m'botolo logula pamsika, wogulitsayo osatha kunena kuti anaikamo yochuluka motani.

Ndisakusiyeni ndi mantha okhaokha, ngati kuti m'thengo muli adani okha. Mukatsika phiri kunka ku Golomoti, ku Mtakataka kapena ku Salima mudzakumana ndi nkhalamba za dziko lino, ndiyo milambe. Mlambe umadyetsa ana malambe, amene ali ndi vitamini C wochuluka kuposa malalanje. Masamba ake anthete ndi therere. Khungwa lake ndi chingwe, ndipo ukausenda umapola. Zaka zake sizitheka kuziwerenga bwino pa mizere ya m'thunthu monga timachitira ndi mitengo ina, kotero akatswiri amayesa tizidutswa ta mtengowo ndi makina. Poyesa motero anapeza kuti mlambe wina wa ku Zimbabwe wotchedwa Panke unali ndi zaka pafupifupi 2,450. Tawerengani nokha chobwerera m'mbuyo: unamera cha m'masiku amene Nehemiya anali kumanga malinga a Yerusalemu. Unali kale mtengo waukulu pamene Ambuye anabadwa m'Betelehemu. Unagwa pakati pa 2010 ndi 2011, m'masiku athu ano.

Ndipo sunagwe wokha. M'chaka cha 2018 Adrian Patrut wa ku Romania pamodzi ndi anzake analengeza kuti mwa milambe 13 yakale koposa mu Afirika, 9 inali itafa kapena kugwa mathunthu ake akale m'zaka 12 zokha. Iwo akuganizira kutentha ndi chilala zimene zanyanya kumwera kwa Afirika. Zimenezo n'zazikulu, sitingazithe ndi khasu. Koma funso langa kwa abale a kunyanja ndi ili: kodi mlambe waung'ono munauona liti? Malambe onse timatola kukagulitsa, njere zake nkukathera kudzala la m'tauni. Imene yamera mbuzi zimabudula. Chinanso n'chakuti mlambe ukali mwana sufanana ndi make. Tsamba lake limakhala limodzi lokha, losagawikana ngati zala monga la mtengo waukulu, kotero wolima amaulambula pamodzi ndi tchire osadziwa chimene wadula.

Za mkungudza wa pa Phiri la Mulanje ndingonena mwachidule, chifukwa n'zowawa. Mtengowu sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi. M'chaka cha 1984 unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu. M'chaka cha 2017 amene anakwera phirilo kukawerenga anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Ina yonse inapita ndi macheka ndi moto wolusa. Mbande zambirimbiri zabzalidwa chiyambire pamenepo, koma amene adzaone mkungudza wokhwima ndi adzukulu a adzukulu athu.

Diso la mnyamata uja litapola ndinamtenga m'mamawa kunka naye kumunda, kope ndi pensulo zili m'manja. Tinaima pa msangu, ndipo ndinamuonetsa kuti ulibe masamba pamene mitengo yonse yabiriwira. Umayoyola masamba m'dzinja kuti chimanga cha pansi pake chione dzuwa ndi kudya chonde. Tinatola masuku ndi mpoza. Ndinamuonetsa nthula, zachikasu zokongola zija, ndi kumuuza kuti asazilawe. Pa mvunguti anaseka zipatso zolendewera, koma analemba kuti sizidyedwa. Pofika kunyumba anali ndi maina 14, ndipo patsogolo pa lililonse anaika chizindikiro chake: kudya, kusadya, kusakhudza.

Makolo amene mwalandira ana a m'tauni patchuthi chino, yendani nawo motero tsiku loyamba lomwe, musachite ngati ine. Ndipo zikachitika kuti mwana wadya chipatso kapena njere yosadziwika, musamkakamize kusanza ndi madzi amchere kapena kumpisa chala kukhosi, musataye nthawi ndi mizu ina, ndiponso musadikire kuti muone ngati adwale. Thyolani nthambi ya chomeracho, ya masamba ndi zipatso zomwe, muikulunge bwino, munke nayo pamodzi ndi mwanayo kuchipatala, kuti a dotolo adziwe chimene alikulimbana nacho. Ngati anadya ali ndi anzake, atengeni onse, ngakhale amene akuoneka ngati ali bwino.

Mvula yagwa, utale ndi manyame zayamba kale kuoneka pamsika. Mwezi wa mawa tidzakamba za bowa.