Mwana wa Sitandade 1 amasowa mu Febuluwale

Pamene boma la a Bakili Muluzi linathetsa fizi ya ku pulayimale mu 1994, tinaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Ana a sukulu anali 1.9 miliyoni, koma chaka chomwecho anafika pafupifupi 3 miliyoni, ena n'kumaphunzira pansi pa mitengo. Mu 2013 Nyumba ya Malamulo inawonjezera kuti mwana aliyense ayenera kupita ku pulayimale, afune asafune. Zonsezi n'zabwino. Koma ine ndikufunsa: ndani anakhala pansi ndi kholo la ku Kasiya kulifotokozera ntchito yake mwana akalembedwa m'kaundula?

Chaka cha sukulu ndi chaka cha mlimi zimakokerana mwana mmodzi. Teremu yoyamba imatsegulidwa cha mu Seputembala, chimanga chikadali m'nkhokwe, njira zili zouma. Makalasi a ku Kasiya, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma amadzaza mpaka pakhomo. Ngakhale nazale ya fodya kudambo ifune madzi m'mawa ndi madzulo, mwana wazaka 6 amapitabe.

Nkhondo imabwera teremu yachiwiri. Januwale ndi Febuluwale ufa watha, bambo ndi mayi apita ku ganyu, munda wawo ukudikira kupalira ndi kubandira. Fodya wacha, afunika kuthyola, kusoka ndi kupachika m'chigafa. Madambo adzaza madzi, malungo ali pakhomo. Ndiye amauza mtsikana wa Sitandade 1 kuti lero utsale ulere mng'ono wako, mawa upita. Mawalo limasanduka sabata, sabata n'kukhala mwezi. Pofika Meyi, mabelo akupita ku okushoni ku Kanengo, mwana amabwerera ndi kope latsopano, koma anzake amene anawasiya pa a, e, i, o, u akuwerenga ziganizo. Mayeso a Julayi amamugwetsa. Akabwereza kawiri, manyazi amamaliza zimene njala inayamba.

Wina anena kuti umphawi sunabwere ndi makolo, ndipo mwana wa mlimi ayenera kudziwa khasu. Sindikutsutsa. Boma nalo lili ndi mlandu wake, pakuti linadziikira lokha muyezo wa ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, chonsecho m'makalasi ambiri oyambirira ana amaposa 100. Koma n'chifukwa chake kholo likufunika. Mphunzitsi wa ana 100 sangazindikire msanga kuti mmodzi wasowa. Amene angazindikire ndi amene amagona naye nyumba imodzi.

Choyamba ndi mimba. Bungwe la Mary's Meals linayamba kuphikira ana phala m'dziko muno mu 2002, ndipo aphunzitsi adzakuuzani mmene kapu ya phala imadzazira kalasi. Kumene phala lotere silifika, mudzi ungathe kusonkha chimanga ndi soya nthawi yokolola, kusungira teremu ya njala. Kusonkhetsa anthu mu Febuluwale n'kupempha madzi pa chitsime chouma.

Chachiwiri ndi kope. Makolo ambiri amati, ine sindinapite ku sukulu, ndimuthandiza bwanji? Diso silifuna satifiketi. Tsegulani kopelo madzulo alionse: kodi tsamba la lero lalembedwa? Cholembera chofiira cha aphunzitsi chadutsamo? Muuzeni mwana akuwerengereni mokweza pamene ndiwo zikupsa. Awerenge nyemba, awerenge nkhuku polowa m'khola. Mwana akaona kuti amayi ake amadikira kumva zimene waphunzira, sajomba wamba.

Chachitatu ndi ntchito. Kutunga madzi ndi kusesa zidikire aweruke. Za fodya tisadzinamize: mu 2019 dziko la America linayamba kutsekereza fodya wathu pa madoko ake chifukwa cha nkhani yogwiritsa ntchito ana, ndipo mu 2021 lamulo lathu linathetsa utenanti. Tsamba losokedwa ndi mwana wojomba ku sukulu limatidyera kawiri, kumsika ndi m'kalasi.

Chachinayi, chimene ine ndimachiona chachikulu, ndi mantha. M'nthawi ya chipani chimodzi tinaphunzira kuti munthu wamba safunsa funso kwa wovala tayi. Tinavotera matipate pa 14 Juni 1993, koma mpaka lero kholo lambiri limaima patali ndi ofesi ya aphunzitsi aakulu ngati kuti ndi polisi. Sukuluyo ndi yanu, njerwa zake munaumba ndinu. Pitani kamodzi pa teremu, mudziwe dzina la mphunzitsi wa mwana wanu, mufunse mwaulemu kuti akulephera pati. Komiti ya sukulu ndi gulu la amayi zilipo kuti mulankhule. Demokalase yoponya voti pa zaka zisanu zilizonse koma yoopa kufunsa za kope la mwana ndi yopunduka.

Tsono ndibwere kwa inu a m'tauni, ndi inu amene munabwerera kwanu kuchokera ku Lusaka, Dar es Salaam ndi London pambuyo pa chikhululukiro cha 1993. Kwathu ku Chichewa malume ndiye mwini mbumba, ndipo umalume sikukamba za ukwati ndi maliro basi. Timakonda kutsika basi pa Namitete nthawi ya Khirisimasi titanyamula shuga ndi malaya, kenaka n'kusowa mpaka Isitala. Thumba la chimanga lotumizidwa mu Januwale limaphunzitsa mwana kuposa suti ya pa Khirisimasi. Mukaimba foni kumudzi, musangofunsa za mvula. Itanitsani mwana wa mlongo wanu akuwerengereni mzere umodzi.

Mu 2022 kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals inalengeza kuti pansi pa minda ya Kasiya pali rutile wochuluka kuposa kwina kulikonse kumene wapezeka pa dziko lapansi. Mapepala a malo, a chipukuta misozi ndi a ntchito adzafika m'midzi imeneyi. Kodi ana a lero adzawawerenga okha, kapena adzangodinda chala? Yankho lake likuphikidwa mu Febuluwale, m'mawa umene mayi akusankha kuti mwana atsale kapena apite. M'mera mpoyamba.