Khomo la 3389 ndi malipiro a othyola tiyi

Pa 21 February 2024, pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti mbava za pa intaneti zidalowa m'makompyuta a nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko muno ndipo zimafuna dipo. Ena adakayikira nkhaniyi, koma chomwe aliyense adaona n'chakuti kusindikiza mapasipoti kudaima kwa masabata angapo.

Zoterezi zikhoza kuchitikanso pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, komwe kompyuta ya mu ofesi imasunga mayina a antchito, makilogalamu amene aliyense wathyola ndi ndalama zoti alandire. Mbava zitaitseka kompyuta imeneyi malipiro atayandikira, ululu wake ungamveke mpaka pamsika wa Luchenza ndi Bvumbwe, pomwe wagolosale adakongoza kale ufa ndi sopo podalira tsikulo.

Mbavazi sizithyola chitseko. Kompyuta yaikulu yotumikira zinzake, yotchedwa seva, imalandira mauthenga kudzera m'makomo okhala ndi manambala, omwe akatswiri amawatcha ma port. Manambalawa amafika 65535, ndipo kuyambira 1024 mpaka 49151 ndi olembetsedwa ku bungwe la IANA, kutanthauza kuti aliyense angadziwe pulogalamu imene imayembekezera alendo pakhomo lililonse. Nkhokwe ya MySQL imakhala pa 3306, ya Microsoft pa 1433, pomwe 3389 ndi lolowera munthu amene akuyendetsa kompyuta ali kutali.

Khomo la 3389 ndilo lokoma, ndilonso loopsa. Katswiri wokhala ku Limbe safuna kukwera minibasi kupita ku Thyolo nthawi iliyonse makina akavuta, choncho amalitsekula kuti azikonza ali pa ofesi pake. Ntchito ikatha, khomo lija limaiwalika. Pomwepo mbava zili ndi makina ofufuza makomo otsekula usana ndi usiku, ndipo akapeza limodzi amayesa mawu achinsinsi zikwizikwi mpaka ena atagwira. Makinawo sasankha kuti iyi ndi banki ya ku London, iyi ndi fakitale ya kumapiri. M'chaka cha 2017, pulogalamu yoipa ya WannaCry idadzera pakhomo lina, la 445, n'kusokoneza zipatala zambiri ku Britain.

Chodabwitsa n'chakuti kufufuza sikudula. Pulogalamu ya Nmap ndi yaulere, ndipo imaonetsa makomo amene ali otsekula, bola ofufuzayo akhale ndi chilolezo cha eni makina. Khomo lopanda ntchito litsekedwe. Lofunika lisayang'ane kumsewu: olowa adzere njira yotetezedwa ya VPN, ndipo katswiri akasiya ntchito, mawu ake achinsinsi afafanizidwe tsiku lomwelo, monga momwe mlonda wochotsedwa amasiyira makiyi.

Lamulo lilipo. La 2016 lokhudza chitetezo cha pa intaneti lidakhazikitsa gulu lothandiza pa ngozi zotere pansi pa MACRA. Koma gululi silingayende esiteti iliyonse kukagogoda makomo. Bungwe la antchito a m'minda la PAWU, lomwe lidasainirana mgwirizano woyamba wa malipiro ndi Tea Association of Malawi mu 2016, lili ndi danga lofunsa mabwana mafunso awiri pazokambirana: makomo adafufuzidwa liti, nanga kaundula wa malipiro ali ndi kope lina losungidwa pamalo osalumikizidwa ku intaneti?